Mafayilo a ofesi pa Drive: ndani awerenge, ndani asinthe

Anzanga a m'maofesi a ma asosiyasau ndi makoperativa kuno ku Angónia, Tsangano mpaka ku Macanga uko, lero sitikamba za feteleza ayi, tikamba za mafayilo. Ambiri tinasiya kuyenda ndi fulashi m'thumba, zonse tikuika pa Google Drive, zimenezo nzabwino, koma kagawidwe kake ndiye kakutipweteka. Ofesi yonse imelo imodzi senya (pasiwedi) imodzi, a kontabilidade, a ku arimazeni, matekiniko a kumunda, ngakhale mwana wa esitajiyo wongobwera kudzaphunzira ntchito, onse kulowera khomo limodzi, ndiye tsiku lina nambala ya matumba a soya yasintha pa lista, mukatsegula Histórico de versões kuti muone wasintha ndani mungopeza dzina la ofesi lomwelo, mlandu wafera pompo.

Ndiye aliyense akhale ndi akaunti yakeyake. Mukadina Partilhar, batani logawira fayilo, pamabwera magawo atatu. Leitor amangowerenga basi, Comentador amalemba ndemanga pambali koma zolembedwazo sazikhudza, Editor ndiye amasintha chilichonse, ndipo ngati mwini fayilo sanatseke pa kachizindikiro ka giya ka pamwamba pa Partilhar pomwepo, Editor angathenso kugawira anthu ena inu osadziwa.

Titenge lista ya alimi otenga mbewu pangongole. Woilemba ndi tekiniko, ameneyo akhale Editor. A ku arimazeni akungofuna kudziwa kuti uyu atenga makilo angati, Leitor yawakwanira. A kontabilidade apatseni Comentador, akaona kuti masamu sakugwirizana alembe pambali tekinikoyo akonze yekha. Nanga a shefi? Apa ena mundikwiyira, koma a shefi nawonso Leitor ndi yokwanira pa mafayilo ambiri, si kuwachepetsa ayi, foni ndi yaing'ono chala chimaterereka, mzere wonse wa m'mudzi wina kufufutika iwo akungofuna kuyang'ana.

Chimene ambiri amaiwala nchoti chilolezo cha pa pasita, foda yosungiramo mafayilo, chimatsikira fayilo iliyonse imene ili m'katimo. Mukaponya pepala la malipiro mu pasita yomwe munagawira madipatimenti onse, onsewo aliona. Zokhala ndi manambala a BI (chitupa cha unzika), NUIT (nambala ya msonkho), kaya manambala a M-Pesa ndi e-Mola a alimi zikhale mu pasita yakeyake ya anthu owerengeka. Komanso linki ija mumaiponya pa gulupu ya WhatsApp, onani kaye ngati yalembedwa Restrito, kutanthauza kuti otsegula ndi okhawo amene munawagawira, chifukwa ikakhala pa Qualquer pessoa com o link ndiye kuti aliyense amene yamufika atsegula, kaya ndi mlamu wa tekiniko ku Dedza, ndipo manambala amenewo ndi omwe akathyali aja otumiza mauthenga abodza a ndalama amawasaka.

Ine chimene ndimalimbikitsa kwambiri nkugawira dipatimenti osati munthu mmodzimmodzi. Pangani gulupu pa Google Groups, ina ya akumunda, ina ya kontabilidade, ina ya arimazeni, pasita muigawire imelo ya gulupuyo. Munthu akasamutsidwa kupita ku Tete kapena wapeza ntchito ku migodi ku Moatize mumangomuchotsa mu gulupu kamodzi, osati kuyamba kusakasaka fayilo ndi fayilo kuti paja tinampatsa ziti. Kiyi wa arimazeni timalanda tsiku lomwelo munthu akamachoka, apanso chimodzimodzi.

Asanachoke muonenso umwini. Fayilo imene munthu anapangira pa Gmail yake ndi yake ndithu, ikudya pa 15 GB zake zaulere zija, akadzatseka akauntiyo zapita nazo. Mukhale naye pansi asamutsire umwini ku akaunti imene ofesi ikuyang'anira. Amene muli ndi Google Workspace yolipira gwiritsani ntchito drive yogawana ya bungwe, m'menemo mafayilo ndi a bungwe osati a munthu. Ndipo wina akataya fayilo molakwitsa musachedwe, mwini wake athamangire ku Lixo, kumene kumapita mafayilo otayidwa, imakhalamo masiku 30 okha.