Kamwana ka gwape kamene mwakapeza mu udzuko sikanataike, kasiyeni pomwepo

Chiyambire mvula chaka chino anthu andibweretsera ine mlangizi tiana ta nyama zakutchire kangapo, tina mu katoni tina atatikulunga mu juzi, ndipo onse obweretsawo amayamba ndi mawu amodzimodzi, akuti "takapeza kali kokha, mayi ake akathawa." Amakhala anthu abwinobwino ndithu, anangopita kunkhalango kukayenda, kuona mbalame, kujambula zithunzi, nde pobwerera akapeza kanthu kamaso akuluakulu katagona phee mu udzu mtima wawagwira. Ine kulandira ndimalandira koma mumtima ndimakhala ndikudziwa kale kuti ambiri mwa tiana timeneti sitifika sabata, ndipo zimandiwawa chifukwa tikanangosiyidwa pomwe tinali bwenzi tili moyo.

Abale, mayi ake sanathawe. Umo ndi mmene nyama zimenezi zimalerera. Gwape akabereka samayenda ndi mwana kumbuyo ngati mbuzi ayi, amamubisa pa chitsamba kapena mu udzu wowirira iye nkupita kukadya chapatali, amangobwera kudzayamwitsa kwa kanthawi kenako nkuchokanso. Mbawala ndiye imapitirira, mwana wake amatha kukhala chobisala mpaka miyezi 4 asanayambe kuyenda ndi mayi. Chifukwa chake nchosavuta kumva, mayiyo ndi wamkulu, ali ndi fungo, amaoneka patali, akakhala pafupi ndi mwana ndiye kuti akuitanira nkhandwe ndi agalu pamalopo. Kamwanako chitetezo chake nkukhala chete basi, kusagwedezeka olo chinthu chidutse pafupi. Nde inu mukafika nkuona kuti sikakuthawa, mwakakhudza kali duu, mumati kafooka ndi njala, pomwe kakuchita zomwe kanabadwa nazo. Ndipo nthawi zambiri mayi ake amakhala ali chapafupi pomwepo akukuonani, akungodikira kuti muchoke.

Kalulu wakutchire ndiye amandimvetsa chisoni kwambiri chifukwa anthu amamutola ngati bowa. Ana ake amabadwa ali ndi ubweya kale, maso ali otsegula, alibe una alibe chisa, amangokhala pa kadzenje kosaya pakati pa udzu. Mayi amabwera kamodzi kokha pa maola 24, dzuwa litalowa, kuyamwitsa kwa mphindi zochepa nkumapita. Kamodzi kokha. Zimatheka chifukwa mkaka wake ndi wamafuta kwambiri, akalulu a mtundu umenewu omwe anawapima ku Ulaya mkaka wawo mafuta amapitirira magawo 20 pa 100 aliwonse, pomwe wa ng'ombe umangokhala cha pa 4. Tsono taganizani munthu watenga kamwana kotere wafika nako kunyumba akukathira mkaka wa ng'ombe ndi supuni, mwinanso wathiramo shuga kuti kapeze mphamvu. Mimba yake siingagaye zimenezo, mawa lake kayamba kutsegula m'mimba, madzi atha m'thupi. Kwina mkakawo umalowera kumapapo chifukwa mukukamwetsa mokakamiza mutakagoneka chagada ngati khanda la munthu, nde chibayo chimenecho. Ndiye palinso mantha, anthu samawerengera mantha. Nyama zamtundu wa mbawala zikagwidwa kapena kuthamangitsidwa kwambiri minofu yake imawonongeka mkati, impso zimalephera, imatha kufa patapita masiku chonsecho palibe bala paliponse. Onjezani phokoso la galimoto, ana kunyumba aliyense akufuna anyamuleko, galu akununkhiza katoni, foni ili pamphuno mukujambula vidiyo yoika pa Facebook.

Timati chifundo chinapha nkhwali, koma kuno wofayo si wachifundoyo ayi, akufa ndi amene mwamuchitira chifundo.

Bambo ena omwe munda wawo unachita malire ndi nkhalango anandiimitsa sabata yatha ndikudutsa, ndimafuna tikambe za mitengo yomwe anadzala mmalire koma iwo nkhani yawo inali ina. Akuti kunabwera alendo anayi odzayenda, achinyamata aulemu ndithu, pobwerera madzulo afika pakhomo pawo atanyamula kamwana ka gwape akuti "bambo takapeza kamasiye, ife tikupita kutali, tithandizeni kukasunga." Iwo anawafunsa kuti mwakatola pati, achinyamatawo nkungoloza kunkhalango konse, malo enieni osawakumbuka chifukwa anali atayenda nako maola awiri. "A Langizi," anatero bambowo, "madzulo atatu otsatizana ndinamuona mayi wake mmphepete mwa munda, akununkhiza pansi, apite abwerere, apite abwerere. Ndinayesa kukaika kamwanako pafupi koma kanali katazolowera kale kulira pakhomo, agalu anga akanakatsatira." Kanafa tsiku lachinayi, mimba itatupa. Ndipo sanathere pomwepo, anandiuzanso za kale kuti mchimwene wawo analerapo mbawala yaimuna kuyambira ili yaing'ono, inkagona kukhonde inkatsatira ana, aliyense ankaikonda, koma nyanga zitakula tsiku lina inamubaya mnyamata wa pakhomopo pantchafu ndipo anachita kusokedwa. Ndinawamvera mpaka kumapeto osawadula chifukwa zomwe amanenazo ndi zenizeni, nyama yoleredwa ndi anthu imasiya kuopa anthu, ikakula yaimuna imakuonani ngati mnzake wolimbana naye. Kuibweza kutchire sikuthekanso, imapita yokha kwa munthu aliyense ngakhale wa msampha. Nkhani yoti kanyama kakang'ono kamatsatira chimene kakula nacho inadziwika kale, katswiri wa khalidwe la nyama Konrad Lorenz anaionetsa ndi atsekwe omwe ankamulondola ngati mayi wawo, ndipo analandira nawo mphoto ya Nobel mu 1973.

Musaganize kuti ndi vuto la anthu osaphunzira kapena la dera limodzi. Ku Yellowstone, malo osungirako nyama zakutchire ku America, mu 2016, alendo ena anatola mwana wa njati ya kumeneko yotchedwa bison nkumuika mu galimoto poganiza kuti akumva kuzizira. Oyang'anira malowo anayesa kumubwezera ku gulu lake koma linamukana, kamwanako kanayamba kumatsatira anthu ndi magalimoto mumsewu, mapeto ake anakapha. Mu 2023 zofanana ndi zomwezo zinachitikanso komweko. Chonsecho malamulo a malowo amanena poyera kuti uzitalikirana ndi nyama ngati zimenezo mamita osachepera 23.

Chimene chimanditopetsa ine ndi chikhulupiriro chakale chija chakuti mwana wa mbalame ukangomukhudza basi makolo ake amukana chifukwa cha fungo la munthu. Takhala tikunena izi zaka ndi zaka koma anthu sakumva. Munthu watola kamwana ka mbalame mmanja, mnzake akumuuza kuti "wakagwira kale, ukakasiya kafa, bola tipite nako." Ayi! Mbalame sizitaya mwana chifukwa choti mwamukhudza. Kabwezeni. Komanso kamwana kamene kali ndi nthenga thupi lonse, kakudumphadumpha pansi kapena pa nthambi yammunsi mchira uli waufupi, sikanagwe mwangozi, mbalame zambiri zimatuluka mu chisa zisanadziwe kuuluka bwino ndipo zimakhala masiku angapo pansi makolo akuzidyetsa pomwepo. Mukaima chete chapatali muzimva makolowo akulira mumtengo, ena ali ndi chiwala kukamwa akudikira kuti inu musunthe. Ana a kadzidzi nawonso amatero, amatuluka akadali ndi ubweya woyera nkumakwera nthambi ndi zikhadabo. Lumbe ndiye samanga chisa nkomwe, amaikira mazira pansi pa masamba ouma, nde wina akawapeza amati agwa mumtengo. Za mazira a nkhanga ndi nkhwali omwe anthu amatola kukafungatiritsa nkhuku sindiyamba nkomwe lero, chizolowezi choti chilichonse chomwe waona kutchire upite nacho kunyumba ndi chomwe chikutimalizira nyama mu nkhalango zing'onozing'onozi. Kenako anthu omwewo amabwera chaka chamawa ndi makamera awo nkumadandaula kuti tayenda tsiku lonse osaona kanthu.

Ndipo muziganiziranso thupi lanu. Tinyama timeneti timakhala ndi nkhupakupa ndi utitiri, mwatifungatira pachifuwa mwabwera nazo kunyumba. Mwana wa nkhandwe kapena mleme womwe wagwa pansi masana osaukhudza nkomwe, chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro palibe mankhwala. Mmaiko ambiri kusunga nyama yakutchire popanda chilolezo ndi mlandunso, olo munene kuti mumaithandiza.

Za kavalidwe popita kunkhalango, madzi akumwa, kuuza munthu komwe mwapita, zimenezo mukuzidziwa kale sindibwereza. Koma galu yekhayo, ngati mwaganiza zopita naye nyengo ino akhale pa chingwe kuyambira polowa mpaka potuluka, chifukwa galu womasuka amavumbulula tiana tomwe inu simukanationa nkomwe.

Tsono mukakapeza chochita nchochepa. Osakagwira, bwererani mmbuyo mwakachetechete njira yomwe munadzera, chithunzi jambulirani patali. Ngati wina wakanyamula kale kabwezeni pamalo penipenipo msanga, pasanathe maola ambiri, muchokepo nonse, osabisala pafupi kuti muone ngati mayi abwere chifukwa akukununkhizani ndipo sabwera. Kamwana ka mbalame kopanda nthenga, maso otseka, ngati chisa mukuchiona kaikeni mchisamo, ka nthenga kali pakati pa njira kasunthireni pa chitsamba chapafupi basi. Pokhapokha ngati kakutuluka magazi, mwendo wathyoka, ntchentche zakaunjirira, kakuyenda uku ndi uku kakulira kosalekeza kwa maola ambiri kapena mayi ake mwamuona atafa pomwepo, apo sungani malowo pa foni ndipo imbirani a zankhalango kapena a zanyama zakutchire a dera limenelo, nambala yawo muzitenga musanalowe. Akakuuzani kuti mukanyamule, katoni yoboola timabowo, nsalu pansi, mdima, bata, osakapatsa mkaka osakapatsa madzi mpaka afike.