External ikakana kuoneka, yambani mwakayikira chingwe

Sabata yatha kunabwera mtsikana wina wa ku Chikanda pa shopu yanga m'tauni muno, maso ali psuu, akuti achimwene external yanga yafa ndipo project yonse ya chaka chomaliza ili momwemo. External yakeyo, disiki yosungira mafayilo yolumikiza pa kompyuta ndi chingwe cha USB, inalibe vuto. Ndinangotenga chingwe china mu dirowa, kulumikiza, mafayilo onse anabwera bwinobwino. Chingwe chakecho chinali chitaduka mkati pafupi ndi kumutu chifukwa amachikulunga mothina pa disiki akamaika m'chikwama. Zoterezi ndimakumana nazo kawirikawiri nde ndati ndilembeko mmene ine ndimafufuzira.

Choyamba, Windows ikakufunsani kuti mupange format, komwe ndi kufufuta zonse zili pa disikiyo, kanani. Chingwe chikamadukizadukiza kompyuta imatha kusokonezeka n'kumaona ngati disikiyo ndi yopanda kanthu, inu mukavomera basi mwadzipweteka nokha.

Kenako gwirani disikiyo m'manja, muiyandikize kukhutu. Ngati ikung'ung'uza mosadukiza ndiye kuti moto ukufika. Ikamayamba kuzungulira n'kusiya, kapena kumalira kuti tii tii, nthawi zambiri moto wachepa. Poti ya USB 2.0 imapereka 500mA pomwe ya USB 3.0, ija ya buluu mkati, imapereka 900mA, nde disiki ina imakana pa yakuda koma pa ya buluu imadzuka. Pa desktop siyani mapoti a kutsogolo, pitani kumbuyo komwe poti yamatidwa pa motherboard, bodi yaikulu ya kompyuta, penipeni, ndipo tima hub totchipa tochulukitsira mapoti tija tichotseni kaye. Ma external akuluakulu a 3.5 inchi amafuna adaputa yawoyawo ya 12V, ndipo magetsi akathima n'kubwera mwamphamvu chimayamba kupsa ndi adaputa. Chonde musabayepo chaja ya laputopu chifukwa choti mutu wake ukulowa, zambiri zimakhala 19V ndipo muotcha bodi ya disiki, ndaziona ndi maso angawa.

Apa ndi pomwe anthu amasokoneza: sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Chingwe china pa poti yomweyo. Zikakana, bwezerani chingwe chakale muyese poti ina, kenako kompyuta ina. Mukasintha zonse pakamodzi zikhoza kutheka inde koma simudziwa chomwe chinali cholakwa, mawa muikanso chingwe chowola chomwecho. Ngati mulibe chingwe cha external chija cha mutu wotambalala wa zigawo ziwiri, cha foni zakale cha micro USB chimalowa mbali imodzi ya potiyo ndipo chimagwira, kungoti pang'onopang'ono pa liwiro la USB 2.0, komanso chikhale cha data osati chongotchajira.

Unikani mkati mwa poti ndi tochi ya foni. Kuno ku Zomba nthawi ya mvula chinyezi n'chosanena, makamaka kumtunda kufupi ndi phiri, tima pini timachita dzimbiri lobiriwira, ndiye October akafika ndi fumbi. Thimitsani makina, tokosani ndi kamtengo kotokosera m'mano kapena burashi youma, singano ayi. Poti ikakhala yogwedera moti mukangoikhudza disiki ikuchoka, kopani mafayilo ofunika lero lomwe osaisuntha. Ma external ena mutha kuwatsegula n'kulumikiza disiki pa SATA, poti ya madisiki a mkati mwa kompyuta, koma ambiri a WD My Passport poti ya USB inawotcheredwa pa bodi ya disiki yeniyeniyo, nde ikathyoka pamafunika wodziwa kuwotcherera ndi soda.

Disiki ya mkati mwa desktop, zulani kaye pulagi kukhoma musanatsegule. Pali zingwe ziwiri, chaching'ono cha data cha mapini 7 ndi chotambalala cha moto cha mapini 15, zonse mutu wake uli ngati L nde osakakamiza, kapulasitiki kake sikachedwa kuthyoka. Zulani, bwezerani mpaka zikhale bwino mbali zonse ziwiri, yesani poti ina ya SATA, muone mu BIOS, menyu ija mumalowamo kompyuta ikangoyaka Windows isanatseguke, ngati disikiyo ikuoneka. Ngati mwangoikamo kumene M.2, kadisiki kakang'ono kobaya pa motherboard penipeni, dziwani kuti ma motherboard ena amatseka poti imodzi kapena ziwiri za SATA, disiki ilibe mlandu.

Chomwe ndimakonda ine ndi CrystalDiskInfo, pulogalamu yoonera umoyo wa disiki, ndi yaulere. Yang'anani mzere wa C7, UltraDMA CRC Error Count. Nambala imeneyo imawerenga zolakwika za panjira pakati pa disiki ndi bodi, nde ikamakwera ganizirani chingwe kapena poti. Simabwerera pa ziro mukasintha chingwe, chofunika n'choti isiye kukwera, nde ilembeni papepala muonenso pakatha masiku awiri. Koma ikamakwera ndi nambala ya mzere wa 05 kapena C5, yowerenga malo owonongeka pa disiki, pamenepo yadwala ndi disiki yeniyeniyo.

A m'maofesi omwe muli ndi NAS, bokosi la madisiki lolumikizidwa pa netiweki, ikayamba kukoka mwaulesi onani liwiro lomwe yalumikizidwira pa netiwekiyo. Gigabit imafuna mawaya onse 8 a mu chingwe cha netiweki, limodzi likaduka kapena khoswe akaluma kudenga imatha kutsikira pa 100Mbps mwakachetechete. Dulani mutu wa chingwecho muikenso wina, kapena yesani ndi chingwe chachifupi pafupi ndi switch, kabokosi komwe zingwe za netiweki zimakumana.

Mukayesa chingwe chabwino, poti yabwino, kompyuta ina, koma disiki ikungogogoda kho kho kho, ithimitseni musaiyatsenso. Mukamaiyatsayatsa timitu take towerengera data timakanda mbale zosunga data mkatimo, ndipo yemwe akanakupulumutsirani mafayilo adzapeza zochepa.