Momwe mungakonzekerere ulendo wa geni ku Dar es Salaam

Amene mukufuna kuyamba kukaoda katundu ku msika waukulu wa Kariakoo kapena kukatenga galimoto ku doko, choyamba onani pasipoti, itsale ndi miyezi 6 isanathe. Visa a Malawi sitifunika ku Tanzania. Kadi ya yellow fever imafunsidwa ngati mwadzera mayiko ngati Kenya kapena Ethiopia n'kukhala pa eyapoti maola opitilira 12, koma ngati muli nayo ingoiponyani m'chikwama basi.

Kenako sankhani nyengo. Dar ndi yotentha heavy, osati kutentha kwa ku Lilongwe kuja ayi, uku ndi kwa chinyezi, umangotuluka m'bafa thukuta layamba kale, makamaka Disembala mpaka Febuluwale. Malichi mpaka Meyi ndi mvula yambiri, pa Jangwani, pa msewu wolowera m'tauni, pamasefukira ndipo basi za mwendokasi (basi za mumzinda zoyenda mu msewu wawowawo) zimatha kuima, ndiye ngati muli ndi miting'i m'tauni nyamukani m'mamawa. Tengani malaya a kotoni opepuka, jekete siyani pokhapokha mukugona ku Mbeya komwe usiku kumazizira.

Pa msewu mudutsa pa Songwe, mbali yawo ndi Kasumulu. Mukangowoloka mlatho sunthani wotchi, iwo ali patsogolo ndi ola limodzi, ndipo anthu amasiyidwa ndi basi chifukwa cha kanthu kameneka. Komanso amawerenga nthawi kuyambira 6 koloko m'mawa, kondakitala akati "saa moja" ndi 7 koloko, muuzeni akulembereni pa tikiti. Kuchoka ku Mbeya kukafika ku Dar ndi makilomita oposa 800, tsiku lonse muli pampando, kudutsa Iringa, Mikumi, Morogoro, n'kukatsikira pa depoti ya Magufuli ku Mbezi, komwe ndi kutali ndithu ndi Kariakoo.

Nkhani ya ndalama ndiye mvetserani. Kuyambira 2025 malamulo awo akuti zogula m'dzikomo zilipiridwe mu shilling, ndiye madola kasintheni ku banki kapena ku bureau ndipo risiti musataye. Madola akale kapena ong'ambika amawakana. Anyamata osintha ndalama pa boda aja amawerenga mothamanga dala, mpukutu ukafika m'manja mwanu ndi wopereweza, musapereke zanu musanawerenge zawo kawiri. Gulani simu ya Vodacom kapena Airtel pa shopu yeniyeni ndi pasipoti yanu, M-Pesa kapena Airtel Money imakupulumutsani kuyenda ndi chimpukutu cha ndalama m'chipwirikiti cha ku Kariakoo komwe foni imachoka m'thumba osamva n'komwe.

Majumbo apulasitiki analetsedwa mu Juni 2019, musalongedzeremo zinthu.

Ku msikako musagule tsiku loyamba, zungulirani kaye mufunse mitengo mashopu angapo, madalali, anyamata okupezerani katundu akukutsatirani aja, amaikapo yawo pamwamba. Lachisanu masana eni mashopu ambiri amapita ku mzikiti, Lamlungu ambiri satsegula. Chilichonse mwagula pemphani risiti ya mashini a msonkho otchedwa EFD, chifukwa pobwerera a MRA pa Songwe adzafuna umboni wa mtengo, mukapanda nawo amaika wawo ndipo simungaukonde. Amene mukutumiza pa thiraki lembani dzina ndi nambala pa belo lililonse, jambulani ndi foni pamodzi ndi nambala ya thirakiyo.

Madzi imwani a m'botolo lotseka, ndipo musanalipire loji onani ngati muli neti ndi fani yogwira. Mukabwerako thupi likayamba kuphwanya ndi kutentha musamati ndi kutopa kwa basi, pitani mukayezetse malungo tsiku lomwelo.