Chizindikiro cha Mpweya wa Matayala Chikayaka pa Galimoto ya Magetsi

Kachizindikiro kachikasu ka TPMS (makina ochenjeza kuti mpweya wa m'matayala watsika) kakayaka, musakanyalanyaze. Galimoto ya magetsi ndi yolemera chifukwa cha batire, choncho tayala lopanda mpweya wokwanira limatentha msanga, limadyeka m'mbali, ndipo batire imatha musanafike kutali.

Chepetsani liwiro, imani pamalo abwino, muyang'ane matayala onse anayi. Ngati limodzi lokha ndi lomwe latsika kwambiri, kawirikawiri pamakhala msomali kapena valavu ikutulutsa mpweya. Akatsika onse pang'ono m'mawa kukuzizira, ndi nyengo chabe: kutentha kwa kunja kukatsika ndi madigiri 5 kapena 6 Celsius, mpweya umatsika pafupifupi 1 psi (psi ndi muyeso wa mpweya wa m'tayala).

Mlingo woyenera uli pa kapepala komatidwa pa felemu ya chitseko cha dalaivala. Nambala yolembedwa pa tayalapo ndi malire omaliza, musaitsatire. Yezani matayala atazizira, galimoto itaima maola atatu, ndipo musachotse mpweya m'tayala lotentha poganiza kuti wachuluka.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi jeke. Batire ili pansi pa galimoto, ndiye kuika jeke pamalo olakwika kungaiwononge. Onani m'buku la galimoto malo ake enieni, ndipo muwasonyezenso okonza matayala. Dziwaninso kuti zambiri mwa galimotozi zilibe tayala la sipeya, choncho muziyenda ndi kapampu.

Mukapopa, yendani pang'ono kuti chizindikirocho chizime. Galimoto zina zimafuna kuti muchite reset pa sikirini. Chikamaphethira kwa mphindi imodzi kenako n'kuyaka osazima, vuto lili pa sensa, kachipangizo koyeza mpweya wa m'tayala.