Mpata wa waya wa moto ndi neutral: musamangoyeza pa polo

Ndayendera mizere ya magetsi kwa zaka zambiri, ndipo cholakwa chimene ndimakumana nacho kawirikawiri n'chimodzi: munthu wayeza mpata wa pakati pa waya wa moto ndi neutral (waya wobweza magetsi) pa polo, manambala akwana, wanyamuka. Pakati pa mapolo awiri sanayang'aneko n'komwe.

Ndimatsata malamulo a chitetezo pa mawaya a magetsi a ku America otchedwa NESC, amene bungwe la akatswiri a zamagetsi la IEEE limasindikiza, makamaka Rule 235, gawo lonena za mipata ya pakati pa mawaya. Yambani ndi kudziwa mphamvu ya waya wa pamwamba poyerekeza ndi nthaka. Ngati siposa 8.7 kV (kV imodzi ndi mavolti 1,000), mpata wochokera pa waya wa moto kutsikira pa neutral usachepere mainchi 16 pa polo, pafupifupi masentimita 41. Ikaposa pamenepo mpaka 50 kV, onjezerani 0.4 ya inchi pa kV iliyonse yoposera. Waya wa 14.4 kV waposa ndi 5.7, choncho mpata ukhale mainchi 18.3. Izi zili choncho ngati mawaya onse ndi a kampani imodzi. Akakhala a makampani awiri, mumayambira pa mainchi 40.

Tsopano pitani pakati pa mzere, pamene waya amalendewera kwambiri. Lamulo likufuna kuti pamenepo patsale magawo 75 pa 100 a mpata wa pa polo, ndiye kuti mainchi 12 ngati pa polo pali 16. Vuto lake n'lakuti zimene mwayeza m'mawa kukuzizira sizikuuzani zonse. Waya wa pamwamba akanyamula magetsi ambiri amatentha, n'kutalika, n'kutsika, pamene neutral ali chikhalire pamalo pake. Kumadera kumene madzi amaundana pa waya, kulemera kwake kumamukokeranso pansi. Choncho tengani tebulo la kalendeweredwe ka wayayo, muwerengere tsiku loipitsitsa, osati tsiku limene mwabweralo.

Ndinaona ndi maso anga pa mzere wina wautali wodutsa chigwa. Pa mapolo onse awiri zonse zinali bwino. Nditaima pakati n'kuyang'ana ndi magalasi oonera patali, neutral anali ndi timabala takuda, tingwe tiwiri ta aluminiyamu titasungunuka n'kupindikira kunja. Mawayawo ankakhudzana mphepo ikamaomba masana otentha. Chinandiwawa n'chakuti pansi pake panali njira imene anthu ankadutsa tsiku ndi tsiku.

Pansi pa neutral pamakhala mawaya a telefoni ndi intaneti. Apa mpata wa pa polo ndi mainchi 40, ndipo umaloledwa kutsika kufika pa 30 ngati neutral walumikizidwa bwino ku nthaka komanso walumikizidwa ndi waya ku chingwe chachitsulo chonyamula mawayawo. Malo amenewo ndi oteteza mutu wa munthu wokonza telefoni, musakolekepo chilichonse.

Poyeza, gwiritsani ntchito ndodo ya fiberglass yoyesedwa kuti siidutsa magetsi, kapena chipangizo cha laser muli pansi. Tepi yachitsulo ayi. Ndipo neutral musamutenge ngati waya wakufa: amanyamula magetsi obwerera, ndipo akaduka kapena kumasuka pa cholumikizira, akhoza kupha amene wamugwira ndi manja.