Momwe mungachepetsere ululu ndi kuuma kwa manja mukamayendetsa thiraki maulendo ataliatali

Achimwene anga akhala pa chiwongolero cha thiraki zaka zambiri, ndipo njira yawo ndi yochoka ku Blantyre kudzera ku Mwanza, Zobue, Tete mpaka ku Beira. Chimene chidawapititsa kuchipatala ndi dzanja lamanja. Ankadzidzimuka pakati pa usiku zala zitachita dzanzi, n'kumalikutumula dzanjalo kuti litsitsimuke. Adapirira miyezi yambiri, mpaka tsiku lina kapu ya tiyi idawapulumuka m'manja ana akuona. Zimene ndalemba apa ndikufuna zikufikeni inu madalaivala anzawo musanafike pamenepo.

Choyamba, dziwani zala zimene zikuchita dzanzi. Ambiri amangoti dzanja likuwawa, koma zalazo ndizo zimaulula pamene pagona vuto. Ngati dzanzi lili pa chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala chovala mphete, kawirikawiri ndiye kuti mtsempha wodutsa pamene timavala wotchi wapanikizika. Madokotala amati carpal tunnel syndrome, ndipo imakonda kuvuta usiku. Koma ngati ndi kachala kakang'ono ndi mbali ya chala choyandikana nako, yang'anani chigongono. Mathiraki ambiri kuno chiwongolero chili kumanja, choncho dalaivala amatsamira chigongono chamanja pawindo kuchoka ku Lunzu mpaka ku boda, osadziwa kuti akutsindira mtsempha wodutsa pamenepo. Chotsani mkonowo pawindo, kapena yalanipo kansalu kokhuthala.

Chachiwiri ndi kagwiridwe ka chiwongolero. Sendezani mpando kuti mukagwira chiwongolero zigongono zikhale zopindika pang'ono, mapewa ali pansi, msana utatsamira. Dzanja likhale lowongoka ndi mkono, lisapindikire m'mwamba kapena pansi. Ndipo musachifinye chiwongolerocho. Pa msewu wa maenje kapena potsetsereka ndi katundu wolemera munthu amalimbitsa zala osadziwa, ndipo zimakhalabe choncho ngakhale msewu wasalala. Mukafika pabwino, kumbukirani kumasula zala, manja onse awiri akadali pa chiwongolero. Dzanja lamanzere lisagonere pa giya. Mukasintha, libwerere.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mulimbikire, manja apumitseni pakatha maola awiri aliwonse. Ndikudziwa kuti bwana amaimba foni kufunsa pamene mwafika, koma mphindi zisanu sizingachedwetse katundu. Kuchoka ku Blantyre kufika ku Mwanza ndi makilomita pafupifupi 100, ndiye pa boda pomwepo, mukudikira mapepala, nthawi ilipo yambiri. Tsikani, tsitsani manja m'mbali, muwakutumule pang'onopang'ono. Kenako tambasulani zala zonse, fumbatani mosalimbitsa, tambasulaninso, kokwana khumi. Mukatero wongolani mkono kutsogolo, chikhatho chiyang'ane kumene mwaloza, ndipo ndi dzanja linalo kokerani zala kwa inu kwa masekondi 20. Tembenuzani zala ziloze pansi, mukokenso chimodzimodzi. Mumve kukoka kokha basi. Mukamva ululu wobaya kapena dzanzi likuwonjezeka, siyani. Malizani ndi kuzunguza mapewa ndi kutembenuza khosi uku ndi uku, chifukwa mitsempha ya m'manja imachokera m'khosi, ndipo nthawi zina dzanzi la zala gwero lake ndi komweko.

Galimotonso iyang'aneni. Chiwongolero chikamanjenjemera, kunjenjemerako kumathera m'manja mwanu tsiku lonse. Uzani amakaniko aone matayala akutsogolo, mpweya wake, balansi ndi alayimenti. Pomanga tenti, pokoka malamba a katundu kapena pomasula manati a tayala, valani magolovesi ndipo gwiritsani ntchito manja onse awiri. M'mawa wa June ndi July, chiperoni chikawomba, tenthetsani manja musanalize injini, poti zala zozizira zimauma msanga.

Mukafika pogona, viikani manja m'madzi ofunda kwa mphindi 10 kapena 15, mukusuntha zala m'madzimo. Ngati pali potupa ndi potentha, ikanipo nsalu yonyowetsa m'madzi ozizira m'malo mwa ofunda. Pogona m'kabini musatsamire dzanja kapena kulipinda pansi pa tsaya. Achimwene adathandizika kwambiri ndi chomangira dzanja chimene amavala usiku kuti lisapindike, chomwe chimapezeka m'mafamase ena. Poyendetsa musavale chomangira cholimbacho.

Za mankhwala ndinene mosabisa. Panado amachepetsa ululu. Brufen ndi diclofenac amathandizanso masiku ochepa, koma kumwa tsiku ndi tsiku, makamaka m'mimba muli mopanda kanthu, kumabweretsa zilonda za m'mimba ndipo kumawononga impso. Amene muli ndi BP kapena zilonda kale, funsani adokotala musanamwe. Mankhwalawa amangogonetsa ululu, mtsempha uli chipanikizikire. Fodya nayenso amachepetsa kuyenda kwa magazi m'zala.

Pitani kuchipatala ngati dzanzi latha milungu iwiri kapena itatu osasintha, ngati likukudzutsani usiku, ngati zinthu zikukupulumukani, ngati chala chikumakakamira chitapindika, kapena mnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu wayamba kuphwa. Yambirani kuchipatala cha m'dera lanu, kaya ku Limbe, Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa, ndipo iwo akaona kuti m'pofunika adzakutumizani kuchipatala chachikulu cha Queens kumene kuli a mafupa ndi a physiotherapy (ochititsa mafizo). Pemphani akuyezeninso shuga, chifukwa matenda a shuga amawononga mitsempha ndipo ambiri amakhala nawo osadziwa. Auzeni ntchito imene mumagwira ndi maola amene mumakhala pa chiwongolero.

Pali zizindikiro zina zosafuna kudikira kuti mubwerere ku Blantyre. Mkono ukafooka mwadzidzidzi, pakamwa n'kupotoka kapena mawu n'kumatuluka mosamveka, ikhoza kukhala sitiroko. Ululu wa pachifuwa wotsikira kumkono wamanzere, limodzi ndi thukuta kapena kubanika, ukhoza kukhala wa mtima. Imitsani thiraki pambali pa msewu, yatsani mahazadi, ndipo wina akuthamangitsireni kuchipatala chapafupi, kaya muli ku Zalewa kaya kutsidya kwa boda.