Kayesedwe ka mng'alu pa Inconel 718 pamene haidrojeni alipo

Chitsulo chikamakokedwa ndi kumasulidwa kambirimbiri chimatopa, ndipo kamng'alu kamayamba kuyenda pang'onopang'ono. Haidrojeni akalowa pansonga ya mng'aluwo amaufulumizitsa. Chovuta pa zitsulo za nickel monga Inconel 718 n'chakuti haidrojeni amayendamo mwaulesi kwambiri. Pa kutentha kwa m'chipinda, tsiku lathunthu amalowa pafupifupi ma micrometre 10 okha (micrometre ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Woyesa mothamanga amapeza zotsatira zokongola koma zabodza, chifukwa mng'alu umathawa haidrojeni asanafike.

Yambani ndi kudziwa mmene chitsulo chanu chinawotchedwera. Cha ndege nthawi zambiri chimatenthetsedwa pa 980°C, kenako chimakhala maola 8 pa 720°C ndi ena 8 pa 620°C. Cha ku migodi ya mafuta, potsatira muyezo wa API 6ACRA, chimatenthetsedwa kupitirira 1020°C kuti delta phase isungunuke. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu: delta ndi timizere ta Ni3Nb timene timakonda kukhala m'malire a timibulu ta chitsulo, ndipo haidrojeni amaunjikana pomwe timizereti takhudzana ndi chitsulo chotizungulira. Mng'alu umadzera pomwepo. Dulani kachidutswa, pukutani, onani pa maikulosikopu ngati delta ilipo musanawononge ndalama zoyesera.

Zidutswa zoyesera zikhale za mtundu wa compact tension monga mwa muyezo wa ASTM E647, kukhuthala kwake pakati pa W/20 ndi W/4 (W ndi m'lifupi mwa chidutswa). Pangani zambiri kuchokera ku chitsulo chimodzi komanso mbali imodzi, chifukwa zina mudzayesa mumpweya wamba kuti mukhale ndi poyerekezera. Yambitsani mng'alu mumpweya wamba, utalike osachepera milimita imodzi kuchokera pa notch (kampata kodulidwiratu pa chidutswa), ndipo mphamvu yomalizira poyambitsapo isapose imene mudzayambire kuyesa. Mukaiposa, nsonga imapanikizika ndipo mng'alu umaima kaye ngati kuti chitsulocho n'cholimba kuposa mmene chilili.

Tsopano sankhani njira yolowetsera haidrojeni, ndipo ifanane ndi kumene chitsulocho chikagwire ntchito. Ngati ndi valavu kapena paipi ya mpweya, yeserani mkati mwa chotengera chodzaza haidrojeni. ASTM G142 imafotokoza za zida zake. Ngati ndi bawuti ya pansi pa nyanja yotetezedwa ku dzimbiri ndi magetsi, yeserani m'madzi a mchere okwana 3.5 peresenti pa mphamvu ya magetsi yofanana ndi ya kumeneko. Njira yachitatu ndiyo kudzaziratu chidutswa mumpweya wopanikizidwa pa 200 mpaka 300°C kwa masiku kapena masabata, malinga ndi kukhuthala kwake. Kutenthako n'kumene kumathandiza haidrojeni kufika pakati. Kudzaza ndi magetsi pa kutentha kwa m'chipinda kumangonyowetsa khungu, ndipo mukathyola chidutswa mudzaona m'mphepete mophwanyika ngati galasi, pakati pali bwinobwino. Chidutswa chodzazidwa chisungeni mu nayitrojeni wamadzi pa −196°C kufikira tsiku loyesa, ndipo china chofanana nacho muchiyeze pa TDS (njira yotenthetsa chidutswa n'kuyeza haidrojeni amene akutuluka) kuti mudziwe kuchuluka kwa haidrojeni amene walowadi.

Ukhondo wa mpweya ndi pamene ambiri amapunthwa. Okosijeni wochepa chabe, wowerengedwa mu ppm (magawo pa miliyoni), amamatirira pa chitsulo chatsopano cha pansonga n'kutsekera haidrojeni njira. Popani chotengera, tsukani ndi nayitrojeni kapena argon kangapo, kenako ndi haidrojeni, ndipo tengani mpweya wokayeza poyamba ndi pomaliza. Kumbukiraninso kuti haidrojeni amayaka akakhala pakati pa 4 ndi 75 peresenti mumpweya, choncho chipinda chikhale ndi choululira kudontha komanso potulukira mpweya padenga.

Choyezera mphamvu chikhale mkati mwa chotengera. Chakunja chimawerengera limodzi ndi kukhukhuzana kwa ndodo pa rabala yotsekera, ndiye ΔK yanu (kusintha kwa mphamvu ya pansonga ya mng'alu pa kukoka kumodzi) imaoneka yaikulu kuposa yeniyeni. Ma strain gauge wamba, tizida ta m'choyezera mphamvu toyeza kutamuka kwa chitsulo, amasokera akakhala mu haidrojeni, motero adikireni akhazikike musanaike ziro. Kutalika kwa mng'alu yezani ndi DCPD (kudutsitsa magetsi m'chidutswa n'kuona mmene akusinthira mng'alu ukamakula) kapena compliance (kuyeza mmene chidutswa chikutsegukira chikakokedwa).

Nkhani yaikulu ili pa liwiro. Pa 10 Hz kukoka kumodzi kumatha m'gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, ndipo haidrojeni amasuntha pafupifupi ma nanometre 10 (nanometre ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a micrometre). Pa 0.1 Hz amasuntha kakhumi kuposa pamenepo. Gwirani ΔK pamalo amodzi, yambani pa 10 Hz, tsikani pa 1, kenako 0.1, mpaka da/dN (kukula kwa mng'alu pa kukoka kumodzi) italeka kukwera. Inde, makina amakhala otangwanika kwa masabata, koma liwiro lomalizalo ndi limene muyenera kujambulira mzere wonse wa da/dN ndi ΔK. Yesaninso pa R (mphamvu yaing'ono yokokera kugawa ndi yaikulu) ya 0.1 ndi ya 0.5 kapena kuposa, poti R ikakwera mng'alu umakhala wotseguka nthawi yaitali. Kutentha nako musakuganizire mwachizolowezi: 718 imavutika kwambiri ndi haidrojeni pafupi ndi kutentha kwa m'chipinda, osati pozizira kwambiri kapena potentha kwambiri.

Mukamaliza, thyolani chidutswa, yezani kutalika kwa mng'alu pamalo angapo ndi kukonza manambala anu. Kenako pitani pa SEM, maikulosikopu ya ma electron. Choyesedwa mumpweya wamba chimaonetsa timizere tating'ono tondondozana, kamzere kamodzi pa kukoka kumodzi. Cha haidrojeni chimaonetsa timalo tosalala ngati masitepe, totsatira ma slip band (mizere imene chitsulo chatereramo mkati mwa timibulu), kapena mng'alu wotsata malire a timibulu ndi timizere ta delta. Mzere wa da/dN ukafanana ndi wa mumpweya wamba, ndipo pa SEM palibe timalo totere, musafulumire kulemba kuti chitsulocho n'cholimba. Bwererani pa zotsatira za okosijeni ndi za TDS, kenako tsitsaninso liwiro.